Mmene mungafufuzire uthenga wa ndale musanautumize kwa ena

Chisankho chikayandikira, funso limene ndimalandira kwambiri ndi lakuti, "Taonani ichi, kodi n'zoona kapena ndi AI?" Pansi pa funsolo pamakhala kanema wa wandale akutukwana, mawu ojambulidwa a anthu akupangana zobera mavoti, kapena chithunzi cha bwalo lodzaza ndi anthu. Ndakhala ndikuyankha zomwezomwezo kwa munthu mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe zonse pamalo amodzi kuti muzitha kudzifufuzira nokha.

Vomerezani kaye kuti maso ndi makutu paokha sakukwaniranso. Mu March 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma chinapusitsa anthu ambirimbiri, koma amene anayang'anitsitsa ankaona kuti dzanja logwira kapu silinakhale bwino. Nthawi imeneyo tinkalangizana kuti werengani zala, onani mano, onani ngati zolemba za pa chikwangwani zikuwerengeka. Mapulogalamu a masiku ano akonza zambiri mwa zolakwika zimenezo. Chimene chikugwirabe ntchito ndi kufunsa kumene chinthucho chachokera, amene anachitulutsa koyamba, ndiponso ngati alipo wina amene anaona zomwezo.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo: AI ndi mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzitsidwa ndi zithunzi, mawu ndi zolemba zochuluka zedi mpaka kumatha kupanga zatsopano zofanana nazo. Deepfake ndi kanema kapena mawu opangidwa ndi mapulogalamu amenewa kuti munthu weniweni aoneke kapena amveke akunena zimene sananenepo. Si nthawi zonse pamene AI pa ndale imakhala chinyengo. Ku Pakistan, pa chisankho cha February 2024, chipani cha Imran Khan, amene kale anali nduna yaikulu ya dzikolo, chinkatulutsa zolankhula zake ndi mawu opangidwa ndi AI iye ali m'ndende, ndipo chinkanena poyera kuti mawuwo ndi opanga. Chimene tikulimbana nacho pano ndi chobisa.

1. Imani kaye, makamaka ngati uthengawo wakusangalatsani

Amene amapanga mauthenga abodza a ndale amadziwa kuti munthu wokwiya kapena wosangalala kwambiri safufuza. Mukaona kuti mtima wadumpha ndipo chala chathamangira kale kotumiza, pamenepo ndiye poyenera kuima. Kukayikira nkhani yonyoza chipani chimene mumachikonda n'kosavuta, aliyense amatha. Chovuta ndi kukayikira nkhani yonyoza munthu amene simumufuna, chifukwa mumtima mumati, "Ndinadziwa ine kuti ndi wotero." Ambiri amene amanditumizira mauthenga amagwa pamenepa.

Pali mawu ena amene ayenera kukudzutsani: "Tumizani msanga asanachotse," "Atolankhani akubisa izi," "Zachokera kwa munthu wamkati." Pa WhatsApp, uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba ndi umene wadutsa kale m'manja ambiri. Kuyambira mu April 2020 WhatsApp imalola kutumiza uthenga wotero kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi pa nthawi imodzi, pofuna kuchepetsa kufala kwa mabodza. Timiviti sitikusonyeza kuti nkhaniyo ndi yabodza, koma tikusonyeza kuti amene wakutumiziraniyo sanaione ndi maso ake.

2. Siyanitsani chithunzi ndi mawu amene achiperekeza

Nenani m'chiganizo chimodzi chimene uthengawo ukufuna kuti mukhulupirire: ndani, wachita chiyani, kuti, liti. Kenako phimbani mawu a pamwamba kapena pansi aja n'kuyang'ana chithunzicho chokha. Kodi pali chilichonse m'chithunzimo chimene chikusonyeza malowo kapena tsikulo? Nthawi zambiri mupeza kuti palibe. Zonse zimene munakhulupirira zinali m'mawu operekeza aja.

Sitepe imeneyi ndi yofunika chifukwa mabodza ambiri a pa chisankho safuna AI n'komwe. Chithunzi chimakhala chenicheni, koma cha dziko lina kapena cha chaka china. Kanema amakhala weniweni, koma wodulidwa kapena wosinthidwa liwiro. Mu May 2019 kanema wa Nancy Pelosi, amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo ku United States, anafala kwambiri iye akuoneka ngati woledzera. Chachikulu chimene anachita opangawo ndi kuchepetsa liwiro la kanemayo. Munthu amene akungofunafuna zizindikiro za AI sangagwire chinyengo chotere.

3. Fufuzani chithunzicho kuti chinaoneka liti koyamba

Sungani chithunzicho mufoni, tsegulani Google Lens n'kuchilowetsamo. Ikuonetsani masamba ena amene ali ndi chithunzi chomwecho kapena chofanana nacho. Musakhutire ndi choyamba kutuluka. Chimene mukufuna ndi deti lakale kwambiri. Tsamba la TinEye limathandiza pamenepa chifukwa limalola kusanja zotsatira kuyambira pa chakale. Mukapeza kuti chithunzi cha "chipolowe cha dzulo" chinali kale pa intaneti zaka zinayi zapitazo, nkhani yatha.

Ngati pa chithunzipo alembapo mawu kapena aikapo mpanda wamitundu, dulani mbali zimenezo musanafufuze, apo ayi zikusokonezani. Mungadulenso kambali kamodzi kokha, monga nyumba kapena chikwangwani chakumbuyo, n'kufufuza kameneko.

Mukapanda kupeza kalikonse musafulumire kunena kuti ndiye n'chenicheni. Ganizirani kukula kwa nkhaniyo. Pa 22 May 2023 chithunzi cha utsi waukulu pafupi ndi Pentagon, likulu la asilikali a United States, chinafala pa Twitter, misika ya masheya ku America n'kutsika kwa kanthawi. Komatu chinali chithunzi chimodzi chokha. Malo ngati amenewo, masanasana, chinthu chikaphulika pamakhala anthu ambiri ojambula kuchokera mbali zosiyanasiyana. Panalibe wina aliyense, ndipo ozimitsa moto a m'deralo ananena kuti palibe chimene chachitika. Nkhani yaikulu yokhala ndi chithunzi chimodzi muziikayikira.

4. Kanema: funani wathunthu

Imitsani kanemayo pamalo atatu kapena anayi pamene nkhope kapena malo akuoneka bwino, jambulani sikirini, n'kufufuza zithunzizo ngati mmene tachitira pa sitepe 3. Amene ali ndi kompyuta angagwiritse ntchito InVID, chida chimene atolankhani amagawira nacho kanema kukhala zithunzi.

Cholinga chanu ndi kupeza kanema wamtali amene kachidutswako kanadulidwako. Ngati ndi msonkhano wa ndale kapena zokambirana za pa wailesi ya kanema, wathunthu amakhala alipo pa tsamba la nyumba youlutsa mawu kapena la chipanicho. Mvetserani mphindi imodzi kumbuyo kwa mawuwo ndi mphindi imodzi kutsogolo. Kawirikawiri mupeza kuti wolankhulayo amabwereza zimene mdani wake ananena kuti azitsutse, ndipo odulawo anasiya kutsutsako.

5. Onani ngati nyuzipepalayo ndi yomweyodi

Sikirinishoti ya mutu wa nkhani si umboni. Aliyense angathe kuika chizindikiro cha nyumba youlutsa mawu yotchuka pamwamba pa mawu ake. Pitani nokha pa tsamba la nyumbayo, polemba adiresi yake ndi manja anu, mukaone ngati nkhaniyo ilipo.

Ngati akupatsani linki, werengani adiresiyo chilembo ndi chilembo. Mu 2022 bungwe la EU DisinfoLab linaulula gulu limene linkapanga masamba ofanana ndendende ndi a nyuzipepala monga Der Spiegel, Bild ndi The Guardian, kusiyana kwake kuli pa mapeto a adiresi pokha. Musadalirenso kachizindikiro kabuluu ka pa dzina la akaunti. Kale kankatanthauza kuti kampani yatsimikizira mwini wake, koma kuyambira kumapeto kwa 2022 pa Twitter, imene tsopano ndi X, kamagulidwa. Ena mwa maakaunti amene anafalitsa chithunzi cha Pentagon chija anali nako.

6. Mawu ojambulidwa

Apa ndiye pamene pali ntchito, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo. Voisi noti ilibe chithunzi choti mulowetse mu Google Lens. Ilibe nkhope yoti muone ngati milomo ikugwirizana ndi mawu. Andale amalankhula pa wailesi ndi m'misonkhano tsiku ndi tsiku, choncho mawu awo ophunzitsira kompyuta alipo ambiri. Choipitsitsa n'chakuti tonse timayembekezera kuti mawu ojambulidwa mobisa azimveka moipa, ndi phokoso ndi kudukaduka, ndiye phokoso lomwelo limaphimba zolakwika za makina.

Zimene zinachitika ku Slovakia zikuonetsa kuopsa kwake. Kutatsala masiku awiri kuti anthu aponye voti pa 30 September 2023, panatuluka mawu omveka ngati a Michal Šimečka, mtsogoleri wa chipani cha Progressive Slovakia, akukambirana ndi mtolankhani wa nyuzipepala ya Denník N za kugula mavoti. Onse awiri anakana, ndipo ofufuza a bungwe la nkhani la AFP anapeza zizindikiro zoti mawuwo ndi opanga. Koma mawuwo anatuluka mkati mwa maola 48 amene lamulo la dzikolo limaletsa kampeni, nthawi imene andale ndi atolankhani sakhala omasuka kuyankha. Amene anasankha nthawiyo ankadziwa chimene akuchita.

Mukalandira mawu otere, chitani izi motsatana.

Yambani ndi kulemba chiganizo chimodzi chapadera chimene mwamva m'mawuwo, n'kuchifufuza pa intaneti pamodzi ndi dzina la munthuyo. Mwina atolankhani kapena mabungwe ofufuza zoona, monga Africa Check, PesaCheck kapena AFP Fact Check, alemba kale za mawuwo.

Ngati simunapeze kanthu, bwererani m'mbuyo motsata amene anatumiza. Funsani amene wakupatsaniyo kuti, "Mwazitenga kuti?" Akati kwa uje, pemphani kuti amufunse ujeyo. N'zotopetsa ndipo ena amakhumudwa nazo, koma palibe njira ina yachidule. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukatsatira ndithu, unyolowo umathera pa chimodzi mwa ziwiri: mwina nyumba youlutsa mawu kapena munthu wodziwika amene waika dzina lake pa nkhaniyo, mwinanso gulu lalikulu limene palibe akudziwa amene anayamba. Mukafika pa akaunti yoyamba, onani kuti inatsegulidwa liti, inkalemba zotani mwezi wathawu, ndipo ili ndi nkhope ndi mbiri ya munthu kapena ayi. Akaunti ya milungu iwiri imene mwadzidzidzi ili ndi chinsinsi cha dziko lonse si yoikhulupirira.

Kenako mvetserani nkhani imene ikukambidwayo, osati liwu lokha. Anthu amene akupangana zoipa satchulana mayina onse ndi maudindo, safotokozerana zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale. Amalankhula mozungulira, amati "zija", "munthu uja", amadulana mawu, amasiya chiganizo pakati. Mawu opeka amakhala okonzedwa kuti inu womvera mumve zonse bwinobwino m'mphindi ziwiri: ndani, ndalama zingati, tsiku liti. Dzifunseninso kuti anajambula ndani, anali pati, ndipo n'chifukwa chiyani sanapereke kwa mtolankhani amene akanafufuza n'kuteteza dzina lake.

Mukatero valani mahedifoni mumvetserenso kachiwiri. Kodi olankhulawo akupuma ngati anthu? Kodi pali pamene mawu awo akuwombana, kapena aliyense akudikira mnzake amalize ngati akuwerenga? Kodi phokoso lakumbuyo likupitirira kapena likuduka munthu akasiya kulankhula? Kodi mayina a malo ndi kakwezedwe ka mawu zikumveka mmene munthuyo amatchulira masiku onse? Yerekezani ndi zolankhula zake zina zimene mukudziwa kuti ndi zenizeni. Koma zimenezi ndaziika kumapeto mwadala, chifukwa ndi zofooka. Zingakuwonjezereni chikayiko, sizingakutsimikizireni kuti mawuwo ndi enieni. Musaiwalenso kuti alipo anthu aluso lotsanzira mawu a anzawo popanda kompyuta iliyonse.

Kukana kwa mwini mawu nakonso sikuthetsa nkhani, chifukwa wolakwa ndi wosalakwa onse amakana. Chimene chimalemera ndi nyumba youlutsa mawu imene yapeza fayilo yoyambirira, yalankhula ndi amene anajambula kapena amene analipo, ndipo yafotokoza mmene yatsimikizira.

Mukachita zonsezi, mayankho amakhala atatu osati awiri: n'zoona, n'zabodza, kapena sizinatsimikizike. Pa mawu ojambulidwa, yankho lachitatu ndi limene mudzafikepo kawirikawiri, ndipo anthu ambiri sakhutira nalo. Amati poti sindinapeze umboni woti ndi bodza, ndingotumiza ndi mawu akuti "kaya n'zoona izi?" Musatero. Kafunsoko kamatsala pa foni yanu, mawu aja amapita okha kwa anthu ena.

7. Musadalire makina kuti akuuzeni zoona

Pali masamba amene amati mukalowetsa chithunzi kapena mawu akuuzani ngati ndi za AI, n'kukupatsani maperesenti. Amalakwitsa mbali zonse ziwiri, makamaka pa fayilo imene yadutsa pa WhatsApp kangapo n'kufinyidwa. Ngakhale OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inatseka chida chake chozindikirira zolemba za AI mu July 2023 chifukwa sichinkalondola mokwanira. Kufunsa mapulogalamu a AI oyankha mafunso monga ChatGPT, Grok kapena Gemini kuti "kodi izi n'zoona?" kulinso ndi vuto lomwelo: amayankha molimba mtima ngakhale pamene akulakwitsa, makamaka pa nkhani imene yangochitika kumene. Akakupatsani linki, itseguleni muwerenge nokha. Makampani ena amaika zizindikiro zobisika m'zinthu zopangidwa ndi mapulogalamu awo, monga SynthID ya Google. Chizindikiro chikapezeka ndi umboni wabwino, koma kusapezeka kwake sikutsimikizira kalikonse.

8. Chenjeraninso ndi amene amatcha zenizeni kuti ndi AI

Vutoli lili ndi mbali yachiwiri imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Popeza aliyense akudziwa kuti mawu ndi kanema zimapekedwa, wandale amene wagwidwadi angathe kungonena kuti "ndi AI imeneyo" n'kupulumuka. Mu August 2024 Donald Trump ananena kuti khamu la anthu limene linaoneka pa msonkhano wa Kamala Harris pa bwalo la ndege ku Detroit linali lopangidwa ndi AI. Koma atolankhani a makampani osiyanasiyana analipo ndipo anajambula khamulo kuchokera mbali zambiri. Ku Gabon, Pulezidenti Ali Bongo atadwala sitiroko mu October 2018 n'kusowa kwa nthawi, kanema wake wa uthenga wa chaka chatsopano anakayikiridwa ndi ambiri kuti ndi wopeka. Pa 7 January 2019 asilikali ena anayesa kulanda boma ndipo anatchula kanemayo ngati chimodzi mwa zifukwa zawo.

Choncho mawu akuti "ndi AI" nawonso ndi oyenera kufufuzidwa ngati nkhani ina iliyonse. Amene akunenayo ali ndi umboni wanji? Alipo ena amene analipo n'kujambula? Munthu amene wayamba kukana chilichonse chimene sichikumukomera wapusitsidwa mofanana ndi amene amakhulupirira chilichonse.

9. Za tsiku loponya voti ndi zotsatira, pitani kwa eni ake

Uthenga uliwonse wonena kuti tsiku lasintha, malo ovotera asamuka, kapena kuti musapite kukavota, utsimikizireni ku bungwe loyendetsa chisankho m'dziko lanu. Mu January 2024, chisankho cha chipulula cha ku New Hampshire, ku United States, chisanachitike, anthu analandira mafoni a mawu omveka ngati a Joe Biden owauza kuti asakavote. Anali mawu a AI, ndipo bungwe la FCC, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi m'dzikolo, linalamula amene anakonza zimenezi, Steve Kramer, kulipira chindapusa cha madola 6 miliyoni. N'chimodzimodzi ndi zotsatira. Chithunzi cha pepala la malo amodzi ovotera, ngakhale chitakhala chenicheni, sichikuuzani amene wapambana dziko lonse, ndipo manambala a pa pepala ndi osavuta kusintha pa chithunzi.

10. Muuzeni amene watumiza, koma mwaulemu

Mukapeza kuti uthengawo ndi wabodza, musangokhala chete, komanso musamuchititse munthu manyazi pagulu. Munthu amene wanyozedwa pamaso pa anzake amakakamira bodzalo pofuna kuteteza ulemu wake. Ngati ndi wamkulu kwa inu, mulembereni payekha poyamba: "Amalume, ndaona uthenga mwatumiza uja. Ndafufuza ndapeza kuti chithunzicho chinatuluka kale zaka zapitazo ndipo ndi cha dziko lina. Linki yake ndi iyi. Mwina mungauchotse anthu asanautumize kwina." Ambiri amachotsa akauzidwa motero. Musalowetsemo za chipani chimene iwo amakonda, chifukwa mukatero nkhani isanduka mkangano wa ndale ndipo umboni wanu palibe auyang'ane.

Akakana kapena akapanda kuyankha, lembani pagulupo mwachidule. Yambani ndi choonacho, tchulani kumene mwachipeza, ndipo musatumizenso kanema kapena mawu abodzawo pofuna kusonyeza chimene mukutsutsa. Pa WhatsApp, wotumiza ali ndi masiku pafupifupi awiri oti achotse uthenga kwa onse, ndipo adimini wa gulu angathenso kuchotsa uthenga wa munthu wina.

Ngati inuyo munali mutatumiza kale musanafufuze, bwererani m'magulu onse amene munatumizamo, osasiya ndi limodzi lomwe. Chotsani uthengawo, kenako lembani kuti unali wabodza n'kuika linki ya umboni, chifukwa amene anauona kale sangadziwe chifukwa chimene wasowera mukangouchotsa mwakachetechete. Pemphaninso amene anautumiza kwina kuti atumizeko kukonza kwanuko.